NSALU YOBWEREKA SITHETSA USIWA: ZA CIZUNGU CA M'FONI

Lero ndabwera ndi nkhani imene ena a inu simudzaikonda. Ndidziwa kuti mukangowerenga ndime ziwiri zoyamba mudzati, "Nayenso uyu wayamba kulankhula ngati agogo." Palibe kanthu. Werengani ndithu mpaka kumapeto, kuti potsutsa mutsutse mutamva zonse.

Mwezi watha, titatsiriza msonkhano wathu wa pa Ciweru, mnyamata wina wa m'gulu lathu anandiitanira kuseri kwa holo. Iyeyu anatsiriza giredi 12 zaka ziwiri zapitazo, ndipo anamva kuti pa sitolo ina yaikulu m'tauni akufuna anthu a nchito. Anaturutsa pepala m'thumba nati, "Akulu, taonaniko kalata yanga ngati ili bwino." Ndinawerenga, ndipo ndinacita nayo mantha. Munalibe colakwa ngakhale cimodzi. Cizungu cake cinali coposa ca aphunzitsi ena amene anandiphunzitsa ku koleji. Ndinaloza ndi cala pa mau akuti "meticulous" ndi kufunsa kuti, "Kodi apa utanthauza ciani?" Mnyamatayo anaseka, dzanja lili kale m'thumba kufuna foni. Ndinamugwira dzanjalo. Ndinati, "Cabwino, siya mau amenewo. Ndiuze m'Cizungu, ndi pakamwa pako, zimene ndime yaciwiriyi ikunena." Anayamba, naima. Anayambanso, naimanso. Potsiriza anavomera kuti kalata yonse inalembedwa ndi Meta AI pa WhatsApp, iye anangoikapo dzina ndi kusaina.

Ndinamufunsa funso limene ndikufunsani inunso lero. Tsiku limene eni sitolo adzakuitana, bwana adzakhala atagwira kalatayi m'manja, kuyembekeza munthu amene anailemba. Nanga adzalowe mu ofesi ndani, iwe kapena foni?

Sindikulemba izi kuti ndinyoze mnyamata ameneyu, pakuti zimene anacita ndi zimene ambiri a ife tikucita. Ndikulemba cifukwa pali bodza limene lafala pakati pathu, ndipo likufalitsidwa ndi anthu ophunzira amene anayenera kudziwa bwino. Bodza lake ndi lakuti popeza kwabwera makina a AI, nchito ya mphunzitsi wa Cizungu yatha, ndipo wacinyamata safunikanso kutuluka thukuta pa cimangirizo, kompozishoni ija tinkaiopa kusukulu. Ine nditsutsa zimenezi kotheratu. Makina angathandize munthu amene akuphunzira Cizungu, inde, ndipo ndifotokoza mmene angathandizire. Koma makina amene akulemberani Cizungu akukuberani Cizunguco, inu muli kuombera m'manja.

Tiyambe tamvetsa cinthu cimene tikukambirana. ChatGPT inaturutsidwa pa 30 Novembala 2022 ndi kampani ya OpenAI ya ku San Francisco. Mu Epulo 2024 Meta AI inafika pa WhatsApp muno m'Zambia, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi foni ya intaneti ali ndi mlembi m'thumba. Makinawa anadyetsedwa zolembedwa zosawerengeka za pa intaneti ndi za m'mabuku, ndipo cimene anaphunzira kwenikweni ndi kulosera mau amene ayenera kutsatira mau ena. Inu mukamva munthu ati "Muli bwanji?" mudziwiratu kuti cotsatira ndi "Ndili bwino, kaya inu?" Makina acita comweco, koma pa ziganizo mamiliyoni. Pambuyo pake anthu anawaphunzitsanso kuyankha mwaulemu ndi kupatsa wofunsa cimene wapempha. Gwirani mfundo imeneyi: anapangidwa kuti akupatseni cimene mwapempha. Mukapempha kalata, mulandira kalata. Kaya mwaphunzirapo kanthu kaya ai, imeneyo si nkhawa yao. Mphunzitsi wabwino amasiyana ndi makina pomwepa, cifukwa iye adziwa nthawi yokukanizani yankho.

Ndipo nkhani ya Cizungu m'dziko lathu lino si yamasewera. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cizungu kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo makolo athu ambiri analoweza mau amene sanali kuwamva. Mu 2014 boma linasintha kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo zathu monga Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Malamulo otere amasintha-sintha, koma cimene sicinasinthe ndi ici: mayeso a giredi 12 a bungwe la Examinations Council of Zambia alembedwa m'Cizungu pafupifupi m'maphunziro onse, ndipo makoleji ambiri afuna makirediti asanu, Cizungu cikhale cimodzi mwa iwo. Pepala loyamba la Cizungu ndi la cimangirizo. M'cipinda ca mayeso foni siloledwa. Mudzakhala inu, bolopeni, pepala loyera ndi wochi ya pakhoma. Amene kwa zaka zitatu wakhala akupereka zimangirizo za makina, tsiku limenelo adzadziwa kuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa, pakuti mwini nsalu adzakhala ataitenga pakhomo.

Kodi cilankhulo cimalowa bwanji mwa munthu? Apa ndikhalitsapo pang'ono, cifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ku Canada kunali masukulu amene ana olankhula Cizungu ankaphunzira maphunziro ao m'Cifalansa kwa zaka zambiri. Mai wina wophunzira za zilankhulo, Merrill Swain, anawafufuza anawo, ndipo mu 1985 analemba zimene anapeza. Anawo ankamva Cifalansa bwino kwambiri, pafupifupi ngati eni ake, koma polankhula ndi polemba galamala yao inali yotsimphina. Cifukwa ninji? Cifukwa ankangomvetsera ndi kuwerenga, osakakamizidwa kuturutsa okha ziganizo zolongosoka. Maiyu anaonetsa kuti pamene munthu alimbana ndi kunena cinthu, nasowa mau, nayesa njira ina, nalakwa, nakonzedwa, m'pamene aona mpata umene ulipo pakati pa zimene afuna kunena ndi zimene atha kunena. Kuona mpata umenewo ndiko kuphunzira. Kucita cibwibwi kuja mumacita nako manyazi, kufufuta kuja, kukhala mphindi khumi pa ciganizo cimodzi mutu uli wotentha, zimenezo sizikuchingani njira ya kuphunzira ai. Ndizo njirayo. Tsono makina akakulemberani, cimene akucotserani ndi comweco.

Inu a ku Chipata mudziwa anyamata onyamula anthu pa njinga. Munthu angakwezedwe pa keriyala tsiku ndi tsiku kucokera ku Kapata kupita m'tauni kwa zaka zisanu, njira aidziwa, mabampu onse awadziwa, koma mukamupatsa njingayo kuti achove yekha adzagwera mu ngalande. Ena a inu mumati, "Koma ine ndimawerenga zimene makina andilembera, ndiye ndimaphunzirapo." Mbale wanga, umenewo ndi ulendo wa pa keriyala.

Musaganize kuti awa ndi maganizo anga cabe. Akatswiri a pa yunivesite ya Pennsylvania anayesa zimenezi pa sukulu ina ya sekondale ku Turkey, pa ana pafupifupi 1,000, ndipo zotsatira zake zinaturuka mu 2024. Phunziro linali la samu osati Cizungu, koma mutu wa munthu ndi umodzimodzi. Ana amene anapatsidwa makina oyankha ciliconse monga ChatGPT anakhoza zoyeserera zao kuposa anzao ndi 48 peresenti. Aliyense akanati, "Taonani cozizwa!" Koma atawalanda makinawo pa mayeso, ana omwewo anatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi anzao amene sanakhudzeko makina. Anaturuka osauka kuposa amene sanathandizidwe n'komwe. Panali gulu lina limene linapatsidwa makina okonzedwa mwapadera kuti asamapereke yankho koma azingolozera njira, ndipo gulu limeneli silinagwe cotero. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Homuweki yanu yosalalayo, imene aphunzitsi akulembapo "very good", m'kati mwake muli ciani?

Tsopano nditembenukire kwa inu aphunzitsi, pakuti ndidziwa kuti m'magulu athu muli aphunzitsi acinyamata ambiri, ena tinali nao pamodzi ku koleji. Inunso muli ndi mlandu. Ndamva ndi makutu anga mnzathu wina akudzitama kuti masiku ano sacongeranso zimangirizo kunyumba: ajambula pepala ndi foni, makina apereka malikisi ndi ndemanga, iye akopera. Taganizani za kalasi yotere. Mwana wapempha makina kuti alembe, mphunzitsi wapempha makina kuti aconge. Makina alembera makina, ndipo anthu awiri a moyo aima pambali ngati mboni pa ukwati wa eni. Kumapeto kwa temu lipoti likuti mwana akucita bwino. Ndani wanamiza mnzake apa? Onse awiri anamiza kholo limene linagulitsa thumba la nshawa kuti ligule yunifomu.

Ena a inu mwapita mbali ina, mwayamba kudalira mapulogramu amene amati atha kuzindikira zolembedwa ndi makina. Cenjerani nao, cifukwa amalakwira ana onga athu makamaka. Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anatenga zimangirizo 91 zolembedwa ndi anthu enieni pa mayeso a TOEFL, mayeso a Cizungu a anthu amene Cizungu si cilankhulo cao cobadwa naco, nazipereka ku mapulogramu 7 otere. Mwa zimangirizo 100 zilizonse, pafupifupi 61 zinaweruzidwa kuti n'za makina, pamene zinali za anthu. Koma zimangirizo za ana a giredi 8 a ku America zinadziwika pafupifupi zonse kuti n'za anthu. Cifukwa cake n'cosavuta: wophunzira cilankhulo amagwiritsa nchito mau ocepa ndi odziwika, ndipo mapulogramuwa aona mau otere ngati cizindikiro ca makina. Ngakhale kampani ya OpenAI inacotsa pulogramu yake yozindikira mu Julaye 2023 cifukwa inkalakwa kwambiri. Ndiye taonani cisalungamo cake. Mtsikana woona mtima amene walemba yekha Cizungu cake cosauka ndiye apatsidwa ziro ndi kuchedwa wakuba, pamene wocenjera amene anauza makina kuti akometsere mau adutsa bwinobwino. Mphunzitsi amene amawerenga zolemba za ana ake sabata ndi sabata safuna pulogramu kuti imuuze. Adziwa dzanja la mwana aliyense monga mai adziwa kulira kwa mwana wake pakati pa ana khumi.

Pali cinthu cina cimene anthu otamanda makina saganizirapo, ndipo kwa ine ndi cacikulu. Ife sitilakwitsa Cizungu mwacisawawa. Timalakwitsa Cinyanja-nyanja. Pamene ndinapita kukayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi, ndinadabwa kuona ana ambiri akulemba za amai ao kuti "he". Mphunzitsi wina wacikulire wa pasukulupo, amene anaphunzitsa zaka zoposa zimene ine ndakhala ndi moyo, anandiseka nati, "Mwana wanga, m'Cinyanja tikati 'iye wapita', ndi mwamuna kapena mkazi?" Pomwepo maso anga anatseguka. Cilankhulo cathu sicisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mau amenewa, ndiye mwana ayenera kuphunzira kuganiza cinthu cimene sanaganizepo ciyambire. N'cimodzimodzi ndi timau tija "a" ndi "the", timene m'Cinyanja mulibe. Mwana akati "borrow me your pen", akutembenuza "ndibwereke bolopeni". Akati "I can hear the smell", n'cifukwa ife timamva fungo, timamva njala, timamva mau, zonse ndi mneni mmodzi. Munthu akunyamuka kupita kunja nati "I am coming", m'mutu mwake muli "ndikubwera". Pa kachulidwe napo, ife tili ndi mavawelo asanu okha pamene Cizungu cili ndi oposa khumi, n'cifukwa cake "ship" ndi "sheep" zimveka cimodzimodzi m'makutu mwathu. Za "l" ndi "r" sindinganene zambiri. Tonse tinamvapo wotsogolera mapemphero a Cizungu akuitana mpingo kuti "let us play", ndipo tinadziluma milomo.

Mai uja sanakonze "he" ndi inki yofiira n'kusiya. Anaimiritsa ana, mnyamata apa mtsikana apo, nayamba kuloza mofulumira, anawo akufuula "he", "she", mpaka kalasi yonse inafa ndi kuseka, ndipo colakwaco cinacepa. Anadziwa gwero la colakwa cifukwa iyenso anadutsa njira yomweyo. Anatha kuimitsa Cizungu, kufotokoza m'Cinyanja kwa mphindi ziwiri, ndi kubwereranso.

Nanga makina atha kutero? Cinyanja cao n'copyapyala. Zolembedwa zimene anadyetsedwa zambiri n'za Cizungu ndi zilankhulo zina zazikulu, ndipo zathu n'zocepa ngati mcere wa m'ndiwo. Google Translate inalandira Cicewa mu Disembala 2014, Cibemba cinadikira mpaka 2024. Duolingo, pulogramu yochuka yophunzitsa zilankhulo, ilibe maphunziro a Cizungu ofotokozedwa m'Cinyanja. Ine ndinayesapo kupempha makina kuti andifotokozere galamala ya Cizungu m'Cinyanja. Zina zinamveka, koma zina zinali Cizungu covekedwa citenje, mau athu koma kamangidwe ka eni ake. Nditapempha miyambi, anandipatsa umodzi woona ndi wina wopeka umene ngakhale agogo anga sanaumvepo, ndipo yonse anainena molimba mtima mofanana. Pamenepa pali msampha. Munthu amene adziwa kale Cizungu atha kufunsa makina bwino ndi kuona pamene anama. Woyamba kumene, amene afunikira thandizo kopambana, ndiye sangathe kufunsa ndipo sangazindikire bodza. Makina akweza amene ali kale pamwamba.

Za kachulidwe ndinenekonso pang'ono, popeza ena mwayamba kugwiritsa nchito mapulogramu amene amamvetsera mau anu ndi kukupatsani malikisi. Makina omvetsera sakumva anthu onse mofanana. Kafukufuku wa 2020 pa makina a makampani asanu, Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft, anapeza kuti ankalakwitsa mau 35 pa 100 a anthu akuda a ku America, koma mau 19 pa 100 a azungu. Amenewo ndi anthu obadwira m'Cizungu, m'dziko limodzi. Makinawa akhala akukonzedwa kucokera nthawi imeneyo, komabe foni ikakuuzani kuti mwachula molakwa, musafulumire kudziona wopepuka. Siyanitsani "pray" ndi "play" kuti anthu akumveni, koma musapotoze lilime kuti mumveke ngati wa ku California. A Kenneth Kaunda analankhula ku United Nations ndi kamvekedwe ka kwathu konkuno, ndipo dziko lonse linawamva.

Ndidziwa zimene ena mufuna kundiyankha, ndipo ndisakubisireni, yankho lanu lili ndi mphamvu. Mukuti, "Iwe ukunena za mphunzitsi amene adziwa dzanja la mwana aliyense. Mphunzitsi ameneyo ali kuti?" Zoona. Ciyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 ana anadzaza m'masukulu, cinthu cabwino kwambiri, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, ine ndalowamo m'kalasi ya ana oposa 80, ena atakhala pansi. Mphunzitsi wa makalasi anai otere akapereka cimangirizo cimodzi, ali ndi mapepala oposa 300. Pa piriyodi ya mphindi 40, mwana mmodzi angalankhule Cizungu kwa masekondi angati? Ambiri amatha temu yonse osatsegula pakamwa. Kwa mwana wotere, makina amene satopa, saseka munthu akalakwa, ndipo ayankha ngakhale pakati pa usiku, ndi mwai weniweni. Sindikana.

Ndipo pali umboni wakuti angathandize. Mu 2024 ku Benin City, m'boma la Edo ku Nigeria, a World Bank anathandiza pulogramu ya masabata 6 imene ana a sekondale ankatsalira akaweruka ndi kuphunzira Cizungu ndi makina a Microsoft Copilot. Pa mayeso olemba ndi dzanja pambuyo pake, anawo anaposa anzao amene sanalowe nao. Anthu ofalitsa bodza lija amakonda kuchula nkhani imeneyi, koma amasiya mbali imodzi. M'cipindamo munali aphunzitsi. Ndiwo ankayambitsa phunziro, kupereka mafunso oyambira, kuyendera ana ndi kuwacenjeza pamene makina anena zabodza. Ku Turkey ana anasiyidwa ndi makina opereka mayankho, anatsika. Ku Nigeria anatsogoleredwa ndi aphunzitsi, anakwera. Ndiye munthu akaimirira pa msonkhano nati tigule makompyuta m'malo molemba aphunzitsi, mufunseni kuti umboni wake autenga kuti, pakuti umboni umene ulipo ukunena zosiyana.

Mufunseninso za malaiti. Simunaiwale 2024, caka ca cilala, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo tinkakhala maola ambiri pa tsiku popanda magetsi, anthu akuyenda ndi machaja m'matumba ngati mankhwala. Mphunzitsi wa m'foni amafa batire ikatha, ndipo amafuna bandulo ya intaneti imene kholo la ku Vubwi kapena ku Chama liyenera kusankha pakati pa iyo ndi sopo. Tikaika ciyembekezo conse ca Cizungu pa foni, ndiye kuti tavomera kuti mwana wa ku Kabulonga apitirire, wa kumudzi atsale. Za ang'ono athu a ku pulaimale ndingonena kuti bungwe la UNESCO mu 2023 linalangiza kuti ana osafika zaka 13 asamagwiritse nchito makinawa m'kalasi. Inu amene mumabwereka mng'ono wanu wa giredi 5 foni kuti homuweki ithe msanga mukaonere mpira, mukumudula miyendo asanayambe kuyenda.

Nanga ticite ciani, titaye mafoni m'cimbudzi? Ai. Ine ndemwe ndimagwiritsa nchito makinawa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo Cizungu canga capindula. Koma ndinadziikira lamulo limene sindiliphwanya: ciganizo coyamba cikhale canga. Lembani cimangirizo canu conse ndi dzanja, foni ili kutali, ngakhale cituruke copunduka. Mukatha, m'pamene mupite kwa makina, ndipo musawauze kuti akonze. Auzeni kuti akuonetseni mizere imene ili ndi zolakwa koma asakuuzeni yankho. Limbanani nayo nokha. Mukalephera, funsani cifukwa cake, ndipo lembani lamulolo m'kabuku kanu ndi citsanzo copanga nokha. Pakatha mwezi mudzaona kuti zolakwa zanu si zambiri monga munkaganizira, ndi zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zomwezo zimene zimangobwerera. Zimenezo pitani nazo kwa mphunzitsi wanu, pakuti mphunzitsi wa ana 80 alibe nthawi yowerenga masamba atatu, koma ali nayo nthawi yoyankha funso limodzi lolunjika.

Mungathenso kutembenuza zinthu kuti makina azifunsa, inu muziyankha. Auzeni akhale bwana wofunsa mafunso a nchito, kapena nesi wa pacipatala, kapena kasitomala wokwiya, ndipo inu muyankhe msanga osafufuta. Apa makina ali bwino ndithu, cifukwa thukuta likuturuka mwa inu. Koma akakuuzani za mbiri ya dziko lathu, za miyambo kapena za Cinyanja, musameze musanafunse munthu kapena buku.

Ndipo musaiwale kuti cilankhulo cinapangidwira anthu. Kulankhula ndi foni m'cipinda n'kosavuta cifukwa foni ilibe maso. Cimene cimagwetsa acinyamata athu pa mafunso a nchito kawirikawiri si kusowa mau, koma mantha a nkhope ya munthu. Mantha amenewo amatha polankhula pamaso pa anthu basi. Magulu athu akumana sabata iliyonse, tili ndi mabenchi, tili ndi anzathu amene anakhoza bwino Cizungu ndipo akungokhala. Cotiletsa n'ciani kupatula theka la ola kuti ticite mtsutso m'Cizungu, mafoni ali m'basiketi pakhomo? Koma pakhale pangano lakuti woseka mnzake akalakwa ndiye alankhule motsatira. Kuseka kumeneku kwatsekera ambiri pakamwa kuposa kusowa kwa mabuku, ndipo n'kumene kumathamangitsira anthu kwa makina.

Ena mudzati n'kovuta, ndipo makina akadzapita patsogolo adzatitanthauzira zonse m'makutu, Cizungu sicidzafunikanso. Kaya. Ine ndidziwa za caka cino. Caka cino namwino ayenera kuwerenga yekha cikalata ca dokotala ndi kulemba lipoti wodwala ali pabedi. Caka cino wosaina pangano la ngongole ayenera kumva zimene akusaina. Munthu amene mau ake onse a Cizungu adutsira pa kampani ya kunja, tsiku limene kampaniyo idzakweza mtengo kapena netiweki idzagwa, adzakhala bubu pakati pa msonkhano.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti ang'ambe kalata ija alembe yake. Anakwiya, ndipo sabata yotsatira sanabwere ku gulu. Sabata yacitatu anabwera ndi pepala la m'kope, lolembedwa ndi bolopeni ya buluu, mizere khumi ndi iwiri. Munali zolakwa zisanu ndi ziwiri. Analemba kuti anagulitsapo tomato ndi amai ake pa msika kwa zaka zitatu ndipo sanasowetsepo ndalama, cinthu cimene m'kalata ya makina munalibe, cifukwa makina sanadziwe za tomatoyo. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kulowa. Zolakwa zinai anazipeza yekha powerenga mokweza, ziwiri anazipeza makina atamulozera mizere yake, ndipo cotsiriza, "he" wonena za amai ake, ndinamuonetsa ine. Kalatayo anakapereka Lolemba. Pamene ndikulemba pano sanamuitane, koma pa Ciweru cikubweraci ndiye adzatsegula mtsutso wathu woyamba, ndipo wasankha kukhala mbali yonditsutsa.